Kalata ya Peng Dehuai ndi nkhani ya mwini mfuti ku China

Pa 17 Okutobala 2025, unduna wa zachitetezo ku China unalengeza kuti akuluakulu a asilikali 9 achotsedwa m'chipani cha Chikomyunizimu komanso m'gulu lankhondo. Pakati pawo panali He Weidong, wachiwiri kwa wapampando wa komiti yaikulu ya zankhondo yotchedwa CMC, ndi Miao Hua, amene ankayang'anira ntchito zandale pakati pa asilikali onse. Mlandu womwe unatchulidwa ndi wophwanya mwambo wa chipani ndi katangale wa ndalama zochuluka zedi. Ena amene amatsata za China akuti n'zoona, katangale wazika mizu. Ena akuti mawu oti katangale ndi chofunda chabe, pansi pake pali nkhani ya kukhulupirika kwa mtsogoleri wa dzikolo, Xi Jinping. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, koma mkanganowu sungamveke bwino tisanabwerere kumene mfuti ndi chipani zinakumanira, makamaka pamene gulu lankhondoli likuyandikira zaka 100 pa 1 Ogasiti 2027.

Choyamba kudziwa n'chakuti PLA, gulu lankhondo la China, si la boma. Ndi la chipani. Msilikali akamalumbira, mawu oyamba ndi omvera utsogoleri wa chipani cha Chikomyunizimu. Nduna ya zachitetezo silamula asilikali kunkhondo. Ntchito yake yaikulu n'kukumana ndi anzake a mayiko ena. Lamulo limachokera ku CMC, ndipo wapampando wake ndi munthu wamba, mtsogoleri wa chipani.

Dongosololi linabadwa chipani chili pa mpanipani. Mu Epulo 1927 Chiang Kai-shek, mkulu wa asilikali a chipani cha Kuomintang, anatembenukira achikomyunizimu n'kuwapha mwaunyinji ku Shanghai. Pa 1 Ogasiti, asilikali pafupifupi 20,000 otsogozedwa ndi Zhou Enlai, He Long, Ye Ting ndi Zhu De anaukira ku Nanchang, koma sanakhalitse mumzindamo. Mao Zedong nayenso analephera ku Hunan, ndipo pofika pamudzi wa Sanwan ku Jiangxi kumapeto kwa Sepitembala, pa anthu ake pafupifupi 5,000 panatsala osakwana 1,000. Ambiri anathawa m'njira. Pamenepo ndi pamene anaika nthambi ya chipani m'kampani iliyonse ya asilikali, timagulu ta chipani m'munsi mwake, ndi makomiti a chipani pa batalyoni ndi rejimenti. Akuluakulu ena ankaona kuti andale akulowerera ntchito ya eni ake, moti mu Juni 1929 Mao anachotsedwa pampando. Anabwerera mothandizidwa ndi kalata ya akuluakulu a chipani ku Shanghai, ndipo msonkhano wa ku Gutian m'chigawo cha Fujian, pa 28 ndi 29 Disembala 1929, unakhomerera msomali: gulu lankhondo ndi chida chogwirira ntchito zandale za chipani. Mu 1938 Mao ananena mwachidule kuti chipani chimalamula mfuti, ndipo mfuti isaloledwe kulamula chipani. Mawuwa anafika ndi kuno kum'mwera kwa Africa kudzera mwa alangizi a ku China amene anaphunzitsa asilikali a ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, m'makampu a Itumbi ndi Mgagao ku Tanzania.

Kachitidwe kake mpaka lero ndi aka. Gulu lililonse, kuyambira pa kampani kukwera m'mwamba, lili ndi mitu iwiri yofanana udindo: wolamula zankhondo ndi komisala wa zandale. Amati matambala awiri salira m'khola limodzi, koma apa amawaikamo dala kuti aziyang'anana. Nkhani zikuluzikulu zimagamulidwa ndi komiti ya chipani ya gululo, imene kawirikawiri mlembi wake amakhala komisala, wolamula zankhondo n'kukhala wachiwiri. Kukwezedwa paudindo kumadutsa m'manja mwa nthambi ya zandale, yomwe imasunga fayilo ya ofisala aliyense. Ubwino wake ngwakuti mkulu mmodzi sangadzutse asilikali usiku n'kulunjika nawo ku Beijing. Vuto lake lili pawiri. Wogwira mafayilo angathe kugulitsa maudindo, ndipo msilikali amene ali ndi mawu pa zandale amaoneka ngati wakonza chiwembu. Vuto lachiwirili ndi limene linaonekera pa phiri la Lushan mu 1959, ndipo ine ndimaona kuti zonse zotsatira zinayambira pamenepo.

Peng Dehuai anali mwana wa alimi osauka a ku Xiangtan ku Hunan, dera limodzi ndi Mao. Analowa mbali ya achikomyunizimu mu 1928, anatsogolera asilikali a China pa nkhondo ya ku Korea, anakhala nduna ya zachitetezo mu 1954, ndipo pamene akuluakulu khumi anapatsidwa udindo wa marshal mu 1955, iye anali wachiwiri, pambuyo pa Zhu De yekha. Ankafuna gulu lankhondo lophunzira bwino, la maudindo ndi malipiro odziwika. Sanali munthu wopanda banga. Mu 1958 iye yemwe anatsogolera kudzudzula anzake monga Liu Bocheng, Su Yu ndi Xiao Ke, ndipo pakamwa pake panali paukali, moti adani anali nawo ambiri.

Mu 1958 dziko linali mu pulogalamu ya Mao yofuna kudumpha zaka zambiri za chitukuko nthawi imodzi. Alimi anasonkhanitsidwa m'makomyuni, magulu aakulu olimira pamodzi, ankadyera m'makhitchini a gulu, ndipo anthu mamiliyoni anasiya minda kukasungunula zitsulo m'ng'anjo zadothi. Boma linalengeza zokolola za matani 375 miliyoni, pamene zenizeni zinali pafupifupi 200 miliyoni. Gawo la boma linkawerengedwa pa nambala yabodzayo, choncho nkhokwe za m'midzi zinaseseredwa. Mu Disembala 1958 Peng anapita kwawo n'kuona yekha mbewu zikuwola m'minda, miphika itasungunulidwa, okalamba akugona ndi njala. Asilikali ake ambiri anali ana a alimi, ndipo makalata ochokera kumakwawo ankanena zomwezo.

Msonkhano wa atsogoleri a chipani ku Lushan unayamba pa 2 Julayi 1959 ndi cholinga chokonza zolakwika. Peng analankhula mosabisa m'kagulu kake ka zokambirana. Malinga ndi zimene iye anadzalemba ali m'ndende, m'mawa wina anapita kunyumba ya Mao kuti akambirane pamaso, koma anauzidwa kuti wagona. Ndiye analemba kalata n'kuitumiza pa 14 Julayi. Inayamba ndi kuyamikira zomwe zinapindulidwa, kenako inatchula kukokomeza manambala, kuwononga chuma pa ng'anjo zazing'ono, ndi chimene anachitcha kutengeka maganizo kwa eni timabizinesi ting'onoting'ono, mawu amene m'chilankhulo cha chipani ndi chitonzo chachikulu. Inali kalata ya munthu mmodzi kupita kwa mnzake. Pa 16 Julayi Mao anaiikira mutu n'kulamula kuti isindikizidwe ndi kugawidwa kwa onse.

Kwa sabata imodzi ambiri ankagwirizana nayo, ena poyera, ena chamumtima. Huang Kecheng, mkulu wa likulu la asilikali, anafika pa 17 Julayi ndipo ananena kuti mfundo zake n'zoona ngakhale mawu ena anali akuthwa. Pa 21 Julayi Zhang Wentian, amene kale anatsogolerapo chipani, analankhula kwa maola atatu kuikira kumbuyo kalatayo. Pa 23 Julayi Mao anayankha. Anavomera zolakwa zina, kenako anaopseza kuti ngati zinthu zipitirira chonchi apita kumidzi kukatsogolera alimi kugwetsa boma, ndipo ngati PLA simutsata akapeza gulu lina lankhondo lofiira. Anawonjezera kuti akukhulupirira kuti PLA imutsata. Taonani mmene nkhani inatembenukira. Kalata inkanena za mpunga ndi zitsulo, yankho linanena za mwini asilikali. Kuyambira ola limenelo aliyense m'holoyo ankayenera kusankha pakati pa Mao ndi nduna ya zachitetezo.

Usiku womwewo Zhou Xiaozhou, mlembi wa chipani ku Hunan, ndi Li Rui, mmodzi wa alembi a Mao, anapita kunyumba ya Huang atakwiya, ndipo pokambirana panatuluka mawu ofanizira Mao ndi Stalin wa m'masiku ake omaliza. Peng analowamo chakumapeto. Zimenezi zitaululika mu Ogasiti zinasanduka umboni wa chimene anachitcha kalabu ya asilikali, ngakhale kuti pa anthu anayi amene anaweruzidwa pa 16 Ogasiti, Peng, Huang, Zhang ndi Zhou, awiri sanali asilikali n'komwe.

Kodi panalidi chiwembu? Zambiri zimene zimadziwika zimachokera kwa Li Rui, yemwe ankalemba zokambidwa m'kabuku kake. Iyenso analangidwa, choncho wina angati ali ndi mbali, koma akatswiri ambiri a mbiri amamudalira chifukwa nkhani yake imagwirizana ndi zikalata zina zomwe zinatuluka. Oikira kumbuyo Mao amaloza ku nthawi. Peng anali atangobwera kumene ku ulendo wa ku Soviet Union ndi kum'mawa kwa Ulaya, kumene anakumana ndi mtsogoleri wa Soviet Union, Khrushchev. Pa 20 Juni Moscow inabweza lonjezo lake lopereka chitsanzo cha bomba la atomiki, ndipo pa 18 Julayi Khrushchev ananyoza makomyuni polankhula ku Poland. Munthu wokayikira akanatha kulumikiza zimenezi. Koma umboni woti Peng anapangana ndi Moscow sunapezekepo, ndipo palibe gulu la asilikali ngakhale limodzi limene linasunthidwa. Chimene olemba mbiri amasiyanabe n'chakuti Mao anagawa kalatayo ngati msampha kapena anali asanaganize chochita mpaka Zhang atalankhula. Zosungidwa za chipani za masiku amenewo sizinatsegulidwe kwa onse. Chipanicho pachokha chinavomera mu 1981 kuti chigamulo cha ku Lushan chinali cholakwika kotheratu.

Msonkhano utatha, maofisala oposa 1,000 anaitanidwa ku Beijing kuti adzadzudzule mkulu wawo. Zhong Wei, mmodzi wa akuluakulu a chigawo cha asilikali cha Beijing, anaimirira kutsutsa bodza lomwe linkanenedwa za Huang, ndipo anatulutsidwa m'holo atamangidwa unyolo. Otsalawo anaphunzirapo. Mu Sepitembala Lin Biao, marshal mnzake wa Peng, anatenga unduna wa zachitetezo. Mamembala a chipani oposa 3 miliyoni anapatsidwa dzina la okhotera kumanja, kukonza zolakwika kunaima, ndipo njala inakula. Owerengera anthu amene anafa ndi njalayo amasiyana, kuyambira pa 15 miliyoni mpaka 45 miliyoni, koma amagwirizana kuti imfa zambiri zinachitika Lushan itadutsa, makamaka mu 1960.

Peng anagwidwa ndi achinyamata a Red Guards ku Chengdu mu Disembala 1966, anamenyedwa mpaka kuthyoka nthiti mu 1967, ndipo anamwalira ali m'manja mwa alonda pa 29 Novembala 1974. Phulusa lake linasungidwa pansi pa dzina lopeka la Wang Chuan. Dzina lake linayeretsedwa mu Disembala 1978.

Lin Biao anachita zosiyana ndi Peng. Anadzaza asilikali ndi maphunziro a mawu a Mao, maudindo a usilikali anathetsedwa mu 1965, ndipo chipwirikiti cha Cultural Revolution chitafika poipa mu 1967, asilikali ndi amene anatumidwa kukayendetsa zigawo, mafakitale ndi sukulu. Pofika 1969 pafupifupi theka la komiti yaikulu ya chipani linali la ovala yunifolomu, ndipo Lin analembedwa m'malamulo a chipani ngati wolowa m'malo. Kumvera konseko sikunamupulumutse. Pa 13 Sepitembala 1971 anafa ndege yake itagwa ku Mongolia akuthawa, ndipo nkhani ya boma yoti ankafuna kupha Mao ikukayikiridwabe ndi ambiri. Mu 1973 Mao anasinthanitsa akuluakulu a zigawo 8 mwa 11 za asilikali kuti asamere mizu.

Deng Xiaoping sanakhalepo mtsogoleri wa chipani kapena pulezidenti, koma anagwira mpando wa CMC kuyambira 1981 mpaka 1989, ndipo mpando umenewo ndi umene unagamula za zionetsero za pabwalo la Tiananmen ku Beijing mu 1989. Pamenepo panapezekanso msilikali wokana. Xu Qinxian, mkulu wa gulu la 38, anakana kulowetsa asilikali ake mu Beijing kukalimbana ndi anthu wamba, ndipo khoti la asilikali linamupatsa zaka zisanu. Gulu lake linalowabe popanda iye usiku wa pa 3 Juni, umboni woti dongosolo la ku Sanwan limagwira ntchito ngakhale mutu umodzi utakana.

Zaka za Jiang Zemin ndi Hu Jintao, amene anatsogolera pambuyo pa Deng, zinali za mgwirizano wosalembedwa: asilikali asalowe ndale, andale asawafunse zambiri. Kuyambira 1997 palibe wa yunifolomu amene wakhala m'komiti yapamwamba kwambiri ya Politburo. Apa ndi pamene vuto loyamba lija linakula. Xu Caihou, amene anayang'anira zokweza maudindo kwa zaka zambiri, anachotsedwa m'chipani mu 2014 chifukwa cholandira ziphuphu pa maudindowo, ndipo Guo Boxiong analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse mu 2016. Xi anatengera akuluakulu a asilikali ku Gutian komweko kumapeto kwa Okutobala 2014, kenako anaphwanya madipatimenti anayi akuluakulu kukhala maofesi 15, anasintha zigawo 7 kukhala 5, anachepetsa asilikali ndi 300,000, ndipo mu 2017 analembetsa m'malamulo a chipani kuti mawu omaliza pa zankhondo ndi a wapampando wa CMC.

Amene akugwa tsopano si otsalira a Jiang kapena Hu, ndi osankhidwa ndi Xi mwini. Milandu yawo imazengedwa m'makhoti a asilikali otsekeka, choncho wakunja sangasiyanitse wakuba ndi wolankhula zosakondweretsa. Pa 24 Janyuwale 2026 kunalengezedwa kuti Zhang Youxia, msilikali wamkulu kuposa onse, ndi Liu Zhenli, mkulu wa likulu la asilikali, nawonso akufufuzidwa. Pa anthu 7 amene anasankhidwa mu CMC mu Okutobala 2022, panatsala awiri osakhudzidwa: Xi Jinping ndi Zhang Shengmin, komisala amene ntchito yake ndi yofufuza anzake.