Galimoto yakale nayo imatuluka thukuta: musanagule chophimba

Chaka china mvula itangosiya, bambo ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi anandiitana kwawo kuti ndikaone Toyota Corolla yawo ya 1998. Anaiimika mu Disembala mafuta atavuta, ndipo poopa mvula anaifunditsa tenti ya buluu, ija timayanikapo chimanga, n'kuimanga ndi malegeni, m'mbali n'kupsinja ndi njerwa. Titachotsa njerwa n'kuvundukula, linatilandira ndi fungo la nyumba imene yakhala yotseka chaka chathunthu. Denga ndi boneti zinali tiziphuphu tokhatokha, ngati khungu la mwana wodwala chikuku. Mipando inali itachita chuku, chiwongolero chili mbuu, ndipo m'munsi mwa galasi lakumbuyo dzimbiri linali litatukumula penti utali wa chala.

"Amisiri, komatu galimotoyi sinagweredwe ndi dontho lomwe la mvula," anatero akugwedeza mutu.

"Zoona, bambo," ndinayankha. "Mvula ya kumwamba munaitchinga ndithu. Yakupwetekani ndi ya pansi."

Ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto, ndipo anthu akamandifunsa za chophimba, chimene ambiri amangoti kava, funso lawo limakhala limodzi: kodi sichilowa madzi? Ine ndimawabwezera lina. Kodi madzi amene ali kale mkatimo atulukira pati?

Mayi aliyense amene anavundikirapo nsima m'mbale amadziwa zimene zimachitika kunsi kwa chivundikiro. Galimoto yoima panja ndi chimodzimodzi. Masana dzuwa limatenthetsa dothi lonyowa, nthunzi imakwera n'kulowa kunsi kwa chophimba. Usiku chitsulo chimazizira msanga, ndipo nthunzi ija imasanduka madontho pa penti. Galimoto yosaphimba imachita mame m'mawa n'kuuma dzuwa likatuluka. Yokutidwa ndi pulasitiki siuma. Dzuwa likawala madzi aja amafunda ali pomwepo, tsiku ndi tsiku, mpaka chinyezi chimalowa mkati mwa penti n'kutulutsa tiziphuphu tija. Timeneti sitichoka ndi polishi. Mankhwala ake ndi kupala n'kupentanso.

Galimoto yakale ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa imakhala ndi madzi ake kale. Malabala a m'zitseko ndi a m'magalasi anauma n'kung'aluka, choncho mvula imalowa pang'onopang'ono n'kukabisala kunsi kwa kapeti kapena m'dzenje la tayala lapadera m'buti. Timabowo totulutsira madzi kunsi kwa zitseko tinatsekeka ndi matope. Ndipo magalimoto athu ambiri, aja anachokera ku Japan n'kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban atayenda kale zaka zingapo, anagundidwapo penapake n'kumatidwa fila, phala louma gwa limene timatsekera nalo pogundidwa tisanapente. Fila amamwa madzi pakakhala kamng'alu ngakhale kakang'ono, ndipo chitsulo chimadyeka kunsi kwake mwiniwake akuona ngati zonse zili bwino. Tenti, lona kapena pepala lakuda lofolerera nyumba zimangotsekera chinyezi chonsechi mkati. Kuli bwino kuisiya galimoto pamtetete kusiyana n'kuifunditsa zimenezi kwa miyezi.

Sindikunena kuti chophimba n'chachabe. Dzuwa lathu silichita nthabwala, makamaka Okutobala, ndipo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, safunika kuwauza. Magalimoto ambiri amene tikuyendetsa masiku ano ali ndi penti wa magawo awiri: wa mtundu kunsi, ndi wina woonekera ngati galasi pamwamba, amene ife timati kiliya. Dzuwa likamudya kiliyayu amayamba kuyera, kenako n'kumasendeka ngati njoka yofundula, kuyambira padenga ndi pa boneti. Akayamba kusendeka sabwereranso. Magalimoto akale kwambiri, monga Peugeot 504 ndi mapikapu a nthawi imeneyo, ali ndi penti wa gawo limodzi amene amangofwifwa, mukapukuta n'kumatsala ufa pansanza. Ameneyu polishi amamudzutsako. Onjezani dashibodi yong'aluka, magetsi akutsogolo osanduka achikasu ndi mawaipa ouma gwa. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti, thina wosungunulira penti ndi zonse zimene timaitanitsa kunja zinakwera, moti kupentanso denga ndi boneti zokha kumaposa kutali mtengo wa chophimba chabwino.

Ndiye chabwinocho n'chotani? N'chimene chimakana madontho a mvula koma n'kulola nthunzi kutuluka. Pamsika mupezapo mitundu ingapo. Zotchipa kwambiri, zonyezimira ngati siliva, zopyapyala ngati jumbo, kawirikawiri zimakhala za pulasitiki wa PEVA kapena PVC. Izi sizipuma, ndipo dzuwa la chilimwe chimodzi limatha kuziumitsa mpaka kumathetheka m'manja. Zina pakatentha zimamatirira pa penti n'kusiya chizindikiro. Zapakati ndi za nsalu ya poliyesitala, ndipo pa paketi pamalembedwa manambala monga 150D, 210D kapena 300D. Nambalayo ikunena za kunenepa kwa ulusi: ikakula, nsalu imakhala yochindikala ndi yolimba. Koma samalani, nambala siikuuzani ngati nsaluyo ikupuma. Poliyesitala wokutidwa ndi pulasitiki wochindikala kunsi amatseka nthunzi ngati tenti yomwe ija, pokhapokha ngati anamuikira timazenera totulutsira mpweya chakumtunda. Zabwino koposa ndi za nsalu zingapo zophatikiza, zitatu kapena zinayi, zokhala ndi kansalu kopuma pakati, kapena za nsalu yotchedwa Tyvek ya kampani ya DuPont, yoyera ndi yopepuka ngati pepala koma yovuta kung'amba. Zimenezi sizipezeka paliponse kuno, ambiri amachita kuitanitsa ku South Africa.

Mawu a pa paketi musawakhulupirire kwambiri. Aliyense amalemba kuti chake n'cha nyengo zonse. Pemphani wogulitsa atsegule. Ikani nsaluyo pakamwa n'kuuzira mwamphamvu, dzanja lili kuseri. Ngati masaya akungofufuma ngati mukuuzira baluni, ndipo chophimbacho chilibe timazenera, chisiyeni. Kenako thiranipo madzi pang'ono: azigubuduka ngati pa tsamba la koko, osati kulowerera. Tembenuzani muone mkati, mudzikhule nacho patsaya. Chikakukandani inu, penti chimukandanso. Mkati muzikhala mofewa ngati thonje. Onaninso misoko, pakuti madzi amalowera m'mabowo a singano. Yabwino imakhala yomatidwa ndi tepi kunsi kwake kapena yowotcherera. Pa mtundu, tengani choyera kapena chotuwa. Chakuda chimasandutsa galimoto uvuni.

Za kukula anthu amazipeputsa, chonsecho m'pamene pamagona ngozi yachiwiri. Malembo a M, L ndi XL alibe muyezo umodzi, kampani iliyonse ili ndi wake. Tengani tepi muyeze galimoto yanu kuchokera ku bampala yakutsogolo kufika ku yakumbuyo, m'lifupi pamodzi ndi magalasi a m'mbali, ndi msinkhu wake. Vitz siifika mamita 4, Corolla ya buti ili cha m'ma 4 ndi theka, pamene Hilux ya zitseko zinayi imapitirira 5. Sienta ndi yaifupi koma yaitali msinkhu, ndiye chophimba cha Corolla chimaithera m'mawondo. Chothina chimang'ambika pa magalasi ndi pa ngodya za bampala. Chachikulu n'choipa kuposa pamenepo, chifukwa chimakupiza.

Taganizani za mphepo ya mu Ogasiti ku Lilongwe, kamvuluvulu akunyamula fumbi lofiira lija. Fumbi limalowa kunsi kwa chophimba cholendewera, mphepo n'kumachimenyetsa pa penti usana ndi usiku. Imeneyo ndi sandipepa. Ndaonapo magalimoto amene ngodya za denga ndi nsonga za mudigadi zinaperepeseka mpaka kuoneka penti woyamba wotuwa uja, eni ake n'kumaloza ana a neba. N'chifukwa chake lasitiki wa m'mphepete yekha sakwanira. Pazikhala malamba awiri kapena atatu odutsa kunsi kwa galimoto, okhala ndi zomangira za pulasitiki osati zachitsulo, ndi timatumba tolowetsamo magalasi a m'mbali. Eriyo ya wailesi muzule kapena muipinde. Ku nyanja, kumene mwera umawomba masiku angapo osapuma, malamba amenewa ndiwo chinthu choyamba kuyang'ana. Atelala osoka mipando ya magalimoto amatha kuchepetsa chophimba chachikulu n'kuwonjezera malamba pa mtengo wochepa, ndipo ndi nzeru yabwino. Chokhacho musawalole kukusokerani cha tenti ya malole ati poti n'cholimba.

Fumbi lomweli ndilo limandichititsa kuletsa anthu ena kugula chophimba n'komwe. Lamulo lake ndi lakuti chimavekedwa pa galimoto yotsuka ndi youma basi. Tsono ngati mumayenda tsiku lililonse mumsewu wafumbi, kufika kunyumba mdima utagwa, kodi mudzatsuka usiku uliwonse? Simudzatero. Mudzangokokera chophimba pamwamba pa fumbi, m'mawa n'kuchikokanso, ndipo pakutha kwa chaka penti adzakhala mizeremizere. Kwa inu ndalamayo ipite ku shedi ya malata kapena ya neti yotchinga dzuwa, katoni kapena chotchingira cha siliva pa galasi lakutsogolo, ndi polishi miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Chophimba n'cha galimoto yoyenda Lamlungu lokha, yodikira sipeya, kapena ya munthu amene wapita ku Joni n'kuisiya pakhomo pa makolo.

Ambiri amathawira pansi pa mtengo, ndipo m'pomveka. Koma mtengo uli ndi msonkho wake. Mango amadontha utomoni, ndipo akapsa amaitana mileme usiku. Zitosi za mileme ndi za mbalame zili ndi asidi amene amadya kiliya, ndipo dzuwa likaziwamba chipsera chimatha kutsala m'masiku ochepa. Maluwa a jakaranda amene amakongoletsa misewu ya Blantyre ndi Zomba mu Seputembala ndi Okutobala akanyowa amamatirira n'kuthimbiriritsa penti, kwinaku akutseka ngalande ya kunsi kwa mawaipa. Apa chophimba chimagwiradi ntchito, bola muzichitsuka ndi madzi ndi sopo wofewa, osati kuchisiya chisanduke dzala. Nthambi yothyoka kapena matalala akuluakulu ngati aja amagwa ku Johannesburg, nsalu wamba siingatchinge. Za matalala zimakhala zapadera, zokhala ndi siponji mkati.

Ngakhale mutagula chabwino chotani, musachisiye miyezi osavundukula. M'dzinja, kapena nthawi ya chiperoni kwa a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, sankhani tsiku la dzuwa kamodzi pa sabata, muchotse chophimba, mutsegule zitseko ndi buti, mugwire kapeti ngati ndi youma. Tsegulaninso boneti. Pansi pa chophimba ndi pamdima, pofunda, popanda wosokoneza, ndipo makoswe amapakonda zedi. Amamanga chisa pafupi ndi batire n'kudya mawaya, ndipo kumene kuli makoswe njoka siichedwa. Galimoto isaime pa udzu kapena pa dothi ngati mungathe. Simenti, njerwa zoyala kapena miyala ya kwale zimachepetsa nthunzi yochokera pansi. Chophimbacho chisafike pansi penipeni, pazitsala mpata woti mphepo izidutsa. Mukangofika kuchokera ku ulendo dikirani injini ndi paipi ya utsi zizizire, chifukwa nsalu zambirizi ndi pulasitiki ndipo zimasungunuka. Ngati galimoto yangopentedwa kumene, musaiphimbe kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Penti amaoneka wouma kunja koma thina amakhala akutulukabe, ndipo amene anakupenterani ndiye akuuzeni nthawi yake.

Pochotsa, musakoke ngati mukuvula bulangete pabedi. Pindani mbali zonse ziwiri kukweza padenga, kenako kulungani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti mbali yofewa isakhudze dothi. Chikakhala chonyowa chiyanikeni pa chingwe musanachiike m'thumba.

Corolla ya aphunzitsi ija tinaipala denga ndi boneti mpaka pa chitsulo, tinadula pamene panadyeka kunsi kwa galasi n'kuwotchererapo chigamba, ndipo mipando inakhala padzuwa sabata yathunthu fungo lisanathe. Atabwera kudzaitenga anandifunsa kuti tenti ija achite nayo chiyani. Ndinawauza kuti aimange pa mitengo inayi, ikhale denga lotalikirana ndi galimoto mwina mita imodzi, mphepo izidutsa pakati. Anatero, ndipo nthawi yokolola amaitsitsa n'kuyanikapo chimanga.