Mbiri ya malo amene timajambula pa damu la Lifupa

Aliyense amene anajambulapo chithunzi pa damu la Lifupa, m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, amadziwa kuti nthawi yabwino ndi m'bandakucha wa miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, nkhungu ikadayandama pamwamba pa madzi, mvuu zitangotulutsa mphuno ndi makutu. Woona chithunzi chotere amaganiza kuti malowa akhala chomwechi chilengedwere, koma madziwo anawatchinga ndi anthu, ndipo nkhalango imene imaoneka kutsidyako inali ndi midzi.

Umboni wake ulipobe. M'kati mwa mitengo ya miombo mukadali ng'anjo zadothi zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo chosulira makasu ndi mikondo, komanso miyala yokhala ndi zojambula zakale. M'chaka cha 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu m'derali chifukwa cha matenda a kaodzera, amene amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, ndipo malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 anakhala malo osungirako nyama, kenako mu 1970, mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, yemwenso kwawo kunali ku Kasungu konkuno, anakwezedwa kukhala paki. Mtsinje wa Dwangwa umatenga madzi m'nkhalango yomweyi, n'kutsikira ku Nkhotakota kumene umathirira minda ya nzimbe usanalowe m'nyanja ya Malawi.

Njovu nazo, zimene ojambula amazidikira maola ambiri kuti zibwere kudzamwa madzi chakumadzulo, zili ndi mbiri yowawa. Opha nyama mozembera anazipulula kwa zaka zambiri mpaka zinatsala zochepa kwambiri, choncho mu 2022 njovu 263 zinabweretsedwa pa malole kuchokera ku Liwonde. Ine ndinakondwera nazo, ndipo ndimakondwerabe ndikaona gulu lonse litaima m'mphepete mwa damu, ana ali pakati pa miyendo ya amayi awo. Koma anthu a midzi yoyandikana ndi paki, monga a m'dera la mfumu Chulu ndi anzawo a kutsidya kwa malire ku Zambia, akhala akudandaula kuti njovuzi zimatuluka usiku, kugwetsa nkhokwe, kudya chimanga cha chaka chonse, ndipo zaphapo anthu. Njovu imene ndaijambula ikusamba dzuwa likulowa ikhoza kukhala yomweyo imene mlimi wa kwa Chulu aichezera usiku wonse ndi moto ndi zitini, kuiingitsa m'munda mwake.