Mlandu wa ku Midland: anthu 414 ndi anthu 67,906, mpando umodziumodzi

Ku Texas, m'dziko la America, boma laling'ono lomwe amalitcha kaunti limayendetsedwa ndi anthu asanu: jaji mmodzi ndi makomishona anayi. Makaunti alipo 254 ndipo dongosolo ndi lomwelo ponseponse, kuyambira ku Harris komwe kuli mzinda wa Houston ndi anthu oposa 4 miliyoni, mpaka ku Loving komwe kalembera wa 2020 anapeza anthu 64 okha. Asanuwa akakhala pansi amatchedwa Commissioners Court, koma pabwalo lawo sazengapo milandu ya akuba. Nkhani zawo ndi misewu, milatho, ndende, bajeti ndi msonkho wa malo.

Kusakaniza uweruzi ndi kuyendetsa boma ndi kwakale kumeneko. Texas ili pansi pa Mexico, mkulu wa dera wotchedwa alcalde ankagwira ntchito zonse ziwiri, ndipo itadzipatula mu 1836 madera aja anasanduka makaunti. Malamulo aakulu a Texas a 1876, omwe akugwirabe ntchito, analamula kuti kaunti iliyonse igawidwe zigawo zinayi, chigawo chilichonse chisankhe komishona wake, jaji asankhidwe ndi kaunti yonse. Jajiyo sachita kukhala loya, bola akhale wodziwa bwino malamulo a Texas. Chomwe malamulowo sananene n'chakuti zigawozo zikhale ndi anthu ofanana kuchuluka kwake.

Apa ndi pomwe panagona nkhani ya Midland, kaunti ya kumadzulo kwa Texas. Mafuta atapezeka m'derali, anthu anakhamukira mumzinda wa Midland, koma malire a zigawo sanatsate anthuwo. Pofika 1963, chigawo chomwe munali pafupifupi mzinda wonse chinali ndi anthu 67,906. Zitatu zinazo, za kumafamu a ng'ombe, zinali ndi anthu 852, 828 ndi 414. Choncho anthu osakwana 2,100 anali ndi makomishona atatu, khamu lonse la mtauni n'kukhala ndi mmodzi. Meya wa mzindawo, Hank Avery, anakasuma.

A kaunti sanasowe poyankha, ndipo mfundo yawo sinali yopusa. Ankati a mtauni ali kale ndi khonsolo yawo yowasamalira, pomwe mlimi wa kutali alibe kwina kodandaula msewu ukakumbika koma kwa komishona wake. Khoti lalikulu la Texas linavomera kuti kusiyanaku kwanyanya, komabe linati podula malire n'kololedwa kuyang'ananso kukula kwa malo, kutalika kwa misewu ndi mtengo wa malo okhometsedwa msonkho, osati chiwerengero cha anthu chokha.

Pa 1 Epulo 1968, khoti lalikulu kwambiri la America linakana zimenezo. Mu 1964 linali litagamula kale, pa mlandu wa Reynolds ndi Sims, kuti aphungu a nyumba za malamulo za maboma akuluakulu monga Texas aziimira anthu ofanana kuchuluka. Tsopano Jaji Byron White, polemba chigamulo cha majaji asanu, anatsitsira lamulo lomwelo ku maboma aang'ono. Anaona kuti makomishona amakhazikitsa msonkho wa kaunti yonse ndi kugawa ndalama zake, ndipo a mtauni omwe aja amakhoma msonkhowo mofanana ndi a kumudzi. Majaji atatu, John Marshall Harlan, Abe Fortas ndi Potter Stewart, anatsutsa. Fortas anaima pa nkhawa ya a kumudzi ija, yomwe ine ndimaiona kuti inali yoona koma yosakwanira kupatsa anthu 414 mphamvu zofanana ndi mzinda wathunthu.

Chichokereni nthawiyo, makaunti amaunikanso malire awo kalembera aliyense akatha, ndipo mkangano unangosamukira pa funso la yemwe agwire pensulo. Ku Galveston mu 2021, makomishona anajambula mapu omwe anaphwasula chigawo chokhacho momwe anthu akuda ndi a Latino (a mtundu wochokera ku maiko a Latin America) pamodzi anali ochuluka, chomwe komishona wake anali Stephen Holmes. Khoti loyamba linati mapuwo aphwanya lamulo loteteza ufulu wovota, koma mu 2024 khoti la apilo la Fifth Circuit linagamula mokomera kauntiyo.