Zipolopolo za depleted uranium si bomba la nyukiliya ayi

Dzulo mu minibasi yaku Luwinga bambo ena amanenetsa zamphamvu kuti zipolopolo za depleted uranium zomwe Britain inapereka ku Ukraine mu 2023 ndi bomba la nyukiliya, eti likaphulika mzinda onse phulusa ngati Hiroshima. Nkhani iyiyi ndakhala ndikuimva kuyambira nthawi yomwe mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga umatsegulidwa mu 2009, anthu akangomva uranium basi mutu uli pa bomba.

Koma sizili choncho. Depleted uranium ndi uranium yotsalira akachotsamo gawo lalikulu la U-235, mtundu wa uranium womwe umafunika pa bomba ndi pamagetsi, ndiye radiation yake ndi yochepa kuposa ya uranium yachilengedwe. Asilikali amaikonda chifukwa ndiyolemera heve, kuposa mtovu pafupifupi ka 1.7, imaboola akasinja nkuyaka mkatimo.

Pamene pali vuto ndi fumbi. Chipolopolo chikamenya chitsulo chimasanduka fumbi losalala kwambiri, munthu ukalipuma kapena likalowa mmadzi akumwa limapweteka impso ngati poizoni wa zitsulo zina, ndiye taganizani ana akusewera pa akasinja opserera aja ku Iraq nkhondo ya 1991 itatha, manja mkamwa.

Nanga malamulo? Palibe pangano la dziko lonse loletsa zida zimenezi mwachindunji, mayiko ngati Belgium ndi Costa Rica anangoletsa paokha. Bambo aja anatsikira pa Katoto asanagonje.