Wofufuza za Chikhalidwe Sabwerera Magule Okha

Anthu ambiri kuno ku Mangochi amaganiza kuti katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu amangobwera kudzaonerera zinamwali ndi magule, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Akatswiriwa anayamba kalekale kufufuza za chakudya, moti mu 1939 Audrey Richards anasindikiza buku lofotokoza momwe Abemba a ku Zambia ankalimira, kugawana chakudya ndi kupirira njala.

Wofufuza wotere akafika ku nyanja ya Malombe, komwe chambo chinachepa momvetsa chisoni, amafunsa kuti mwini khoka ndani, asodzi amagawana bwanji ndalama, ndiponso chifukwa chake amayi ena amayanikabe nsomba pa thandala m'malo mwa nyumba zapulasitiki zoumitsira. Kawirikawiri chowaletsa si umbuli, koma ndalama zomangira nyumbazo ndi funso lakuti woziyang'anira akhala ndani.