Kodi zitsulo za ku jimu zimalimbitsanso mtima?

Malangizo a zaumoyo amati chiyani?

Mu 2020 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati munthu wa zaka 18 mpaka 64 azichita masewera ofulumizitsa mtima a mlingo wapakati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena 75 mpaka 150 ngati ali amphamvu monga kuthamanga. Kulimbitsa minofu linakuika padera, masiku awiri kapena kuposerapo. Anyamata ambiri a zitsulo amangomva mbali yachiwiriyi.

Komatu ndikanyamula cholemera mtima umagunda kwambiri. Si zomwezo?

Si zomwezo ayi. Mukamakankha chitsulo cholemera, minofu imafinya mitsempha, BP imakwera, mtima n'kumagunda msanga, koma mpweya umene thupi likugwiritsa ntchito sukwera ngati mmene umakwerera pothamanga. Ndiye mwanyamula kasanu, mwakhala pabenchi mphindi zitatu foni ili m'manja, mtima wabwerera mwakale. Mphamvu mupeza, koma befu akupezanibe pachitunda.

Nanga ndinyamule bwanji kuti mtima upindule?

Njira yake ndi circuit training, imene R.E. Morgan ndi G.T. Adamson anayambitsa pa yunivesite ya Leeds ku England mu 1953. Pepukitsani chitsulo kuti muzichinyamula ka 12 mpaka 15. Mukamaliza, pumani masekondi osaposa 30 n'kupita pa china, mpaka mutazungulira mitundu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu ya masewera, kenako n'kuyambiranso. Muzisinthanitsa: squat ya miyendo (kunjuta n'kudzuka), kenako kukankha ndi manja, kenako miyendonso. Manja akamapuma miyendo ili pantchito, choncho mtima supeza mpata wotsika. Mphindi 20 mpaka 30 zakwana. Manyazi onyamula chopepuka anzanu akuona, amenewo asiyeni pakhomo.

Ndidziwa bwanji kuti ndafika pa mlingo woyenera?

Yesani kuyankhula. Ngati mukutha kucheza koma kuimba kukukanika, muli pa mlingo wapakati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu muli wefuwefu, ndiye mwafika pa wamphamvu.

Ndisiye kuthamanga ndi kupalasa njinga?

Musasiye. Circuit imawonjezera ndithu mphamvu ya mtima ndi mapapo, makamaka kwa ongoyamba, koma siifika pa kuthamanga.

Ndili ndi BP. Ndinganyamule?

Yambani mwaonana ndi dokotala. Akakulolani, musamagwire mpweya pokankha chifukwa BP imakwera mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pokweza chitsulo, kokani pochitsitsa. Pachifuwa pakapweteka kapena mukamva chizungulire, chitsulocho chiikeni pansi.