Electro si nyimbo iliyonse yopangidwa pa kompyuta

Ndatopa nawo achinyamata obwera mu situdiyo n'kunena kuti "tipangireni electro", kenako n'kumamenya tebulo gu, gu, gu, gu, mofanana mpaka kumapeto. Abale anga, imeneyo ndi house, mtundu wina wa nyimbo zovina. Mu electro ng'oma yaikulu imatsimphina dala, imagwa pamene simukuyembekezera, chifukwa makolo ake ndi funk ndi hip hop.

Kwawo kwa electro ndi ku New York, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa makina oimba ng'oma a TR-808 mu 1980. Oimba ambiri anawanyoza kuti sakumveka ngati ng'oma zenizeni, malonda sanayende, ndipo pofika 1983 anasiya kuwapanga. Koma besi yake yogwedeza m'mimba ija ndiyo inakopa anyamata a hip hop. Mu 1982 Afrika Bambaataa wa ku Bronx, dera la mu New York, pamodzi ndi Arthur Baker ndi John Robie, anatulutsa Planet Rock: ng'oma za 808, rap pamwamba, ndi mawu opotozedwa ngati a loboti. Kaimbidwe ka makina anakatengera kwa magulu oimba a Kraftwerk a ku Düsseldorf ku Germany ndi Yellow Magic Orchestra a ku Tokyo ku Japan. Ku Detroit nako Juan Atkins ndi gulu la Cybotron ankachita zofanana, ndipo kumeneko n'kumene techno inadzaphukira.

Chimene ambiri sanena n'chakuti kamvekedwe kotchuka ka mu Planet Rock kanachokera mu Trans-Europe Express ya Kraftwerk ya 1977, ndipo kampani ya Tommy Boy, yomwe inatulutsa Planet Rock, inalipira a Kraftwerk nyimboyo itatchuka kale.

Apa mpamene mtima umandiwawa. Mnyamata wina anagula biti kwa munthu wodzitcha pulodyusa, woyenda ndi laputopu basi. Anajambula, analipira vidiyo ndi ndalama za geni ya mayi ake. Nyimbo itayamba kuyenda, anaichotsa pa intaneti: kiyibodi yonse inali yobedwa m'nyimbo ya ku Ulaya. Wogulitsa uja foni anazimitsa. Mnyamatayo anabwera kwa ine mochedwa, titachotsa chobedwacho munatsala ng'oma zokha.

Musanapereke ndalama, uzani pulodyusa atsegule pulojekiti pamaso panu, azimitse zida chimodzichimodzi, anene kumene chilichonse chachokera. Akayamba zoti fayilo inasowa, nyamukani. Ndipo ngati mwabwereka kachidutswa ka mwini, pemphani chilolezo nyimbo isanatuluke, chifukwa ikatchuka mtengo amatchula ndi mwiniwakeyo.